Mawu amene anabisala m'migodi ndi m'mabwato a ku Cornwall

Nyengo yotentha ikafika ku Cornwall, chigawo chomwe chili kunsonga ya kumwera chakumadzulo kwa Britain, misewu yopita kunyanja imadzaza ndi galimoto za anthu obwera kutchuthi. Eni dera akaona khamu la alendowa likupiringizana pamchenga amati kwabwera ma emmet, kutanthauza nyerere. Alendo ena amaseka nalo dzinali, n'kubwerera kwawo akuganiza kuti atolako liwu limodzi la chiyankhulo chakale cha ku Cornwall. Komatu emmet ndi Chingerezi chenicheni, chakalekale, chomwe madera ena a ku England anachitaya koma kuno chinatsala. M'chiyankhulo chakale cha ku Cornwall nyerere ndi moryon, ndipo liwu limeneli linapulumuka m'kamwa mwa anthu a kumadzulo kwa chigawochi, amene ankati muryans ngakhale pamene ankayankhula Chingerezi.

Nkhani ya nyerereyi ikuonetsa pamene pagona chisokonezo. Ku Cornwall kuli zinthu ziwiri zomwe anthu ambiri, ngakhale a ku Britain komweko, amaziika m'thumba limodzi. Pali Kernewek, chiyankhulo chapachokha chomwe munthu wodziwa Chingerezi sangamve ngakhale chiganizo chimodzi. Ndiye pali Chingerezi cha ku Cornwall, chomwe ndi Chingerezi ndithu, koma chokhala ndi katchulidwe kake komanso mawu ake mazanamazana. Ena mwa mawuwo anachokera ku Kernewek, ena ayi. Ndipo pa zaka zoposa 100 zimene Kernewek anakhala chete, chinali Chingerezi cha asodzi ndi anthu a m'migodi chomwe chinamusungira mbewu.

Kernewek ndi m'bale wa Welsh, chiyankhulo cha ku Wales, komanso Breton, chomwe chimayankhulidwa ku Brittany, kumpoto chakumadzulo kwa France. Zitatuzi zinachokera ku chiyankhulo chimene anthu a pachilumba cha Britain ankayankhula Aroma asanafike, Chingerezi chisanamveke n'komwe kumeneko. Ubalewo umaonekera poyera. Buledi ndi bara m'ziyankhulo zonse zitatu. Madzi ndi dowr ku Cornwall, dŵr ku Wales, dour ku Brittany. Nyanja ndi mor, galu ndi ki, nyumba ndi chi. Chomwe chimavutitsa ophunzira n'chakuti mawu amasintha kumutu kwake malinga ndi liwu lomwe lawatsogolera: mphaka ndi kath, koma "mphaka wako" ndi dha gath, "mphaka wanga" ndi ow hath. Mzungu amene anakulira m'Chingerezi zimamuzunguza mutu. Ife amene timati phiri koma mapiri, tsamba koma masamba, mwina sitingadabwe nazo kwambiri.

Malire a Cornwall ndi England yense wotsala ndi mtsinje wa Tamar, ndipo olemba mbiri akale amati mfumu Athelstan ndi imene inakhazikitsa malirewa cha m'ma 936. Kuyambira nthawi imeneyo Chingerezi chinayamba kuwoloka mtsinjewo pang'onopang'ono, Kernewek n'kumabwerera kumadzulo. Koma sikuti chinali chiyankhulo cha anthu osalemba. Cha m'ma 1100 kunalembedwa mndandanda wa mawu oposa 900 a Kernewek moyang'anizana ndi Chilatini, womwe umadziwika kuti Vocabulum Cornicum. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1300 kunalembedwa masewero atatu a nkhani za m'Baibulo otchedwa Ordinalia, ndipo akatswiri ambiri amati anachokera ku Glasney, sukulu ya ansembe ya ku Penryn yomwe inakhazikitsidwa mu 1265. Masewerowa ankachitikira panja, pabwalo lozungulira lotchedwa plen an gwari, kutanthauza bwalo la masewero. Lina mwa mabwalowa likadalipo pakati pa tauni ya St Just.

Chaka chimene anthu a ku Cornwall sachiiwala ndi 1549. Boma la mfumu Edward VI linalamula kuti mapemphero m'matchalitchi onse azichitika m'Chingerezi, pogwiritsa ntchito buku latsopano la mapemphero, m'malo mwa misa ya Chilatini yomwe anthu anaizolowera. Anthu a ku Cornwall ndi a ku Devon anaukira, nazinga mzinda wa Exeter. Mwa madandaulo awo panali lakuti ena mwa anthu a ku Cornwall samva Chingerezi, choncho akukana mapemphero atsopanowo. Akuluakulu a boma anayankha monyoza kuti nanga Chilatinicho amachimva? Asilikali, ena a iwo aganyu ochokera kunja, anapha anthu zikwi zingapo. Chaka chimodzi izi zisanachitike, mu 1548, Glasney anali atatsekedwa kale, ndiye kuti malo omwe ankasula anthu olemba Kernewek anali atapita.

Apa ndi pamene njira za Cornwall ndi Wales zinasiyanirana. Nyumba ya malamulo inalamula mu 1563 kuti Baibulo ndi buku la mapemphero zimasuliridwe m'chiyankhulo cha ku Wales, ndipo mu 1588 Baibulo lonse la William Morgan linatuluka. Za Kernewek palibe amene analamula chilichonse. Aliyense amene anakula akumva Buku Lopatulika likuwerengedwa Lamulungu lililonse akudziwa zomwe buku lotere limachita ku chiyankhulo: limachipatsa kalembedwe kamodzi, limachikweza kuguwa, limaphunzitsa ana kuwerenga. Lero anthu oposa theka la miliyoni ku Wales amayankhula chiyankhulo chawo. Kernewek anatsala chiyankhulo cha kukhitchini ndi kudoko, pomwe tchalitchi, khoti ndi msika zinali m'Chingerezi. Richard Carew, amene analemba za Cornwall mu 1602, anati ena akafunsidwa njira ndi mlendo ankayankha m'Kernewek kuti sayankhula Chingerezi, ngakhale ankachidziwa. Anali makani a anthu omwe akuona kuti zikuwathera. Pamene katswiri wa ziyankhulo wa ku Wales, Edward Lhuyd, ankafika kudzafufuza cha m'ma 1700, chiyankhulochi chinali chitapanikizika m'midzi yochepa ya kugombe la kumadzulo kwenikweni.

Dzina lomwe aliyense amalitchula ndi la Dolly Pentreath, mayi wogulitsa nsomba wa m'mudzi wa Mousehole, amene anamwalira mu December 1777. Mu 1768 munthu wina wofufuza zakale, Daines Barrington, anapita kumudziko akufunafuna aliyense wodziwa Kernewek. Atamuonetsa mayiyu, anasonyeza kukayika ngati akuchidziwadi. Dolly anamulalatira kwa mphindi ziwiri kapena zitatu m'chiyankhulo chimene Barrington sanamve kanthu, amayi awiri oyandikana naye akuseka. Atawafunsa, anamuuza kuti akumunyoza chifukwa chomukayikira. Mu 1860 Louis Lucien Bonaparte, mwana wa mchimwene wake wa Napoleon, anathandiza kuika mwala wa chikumbutso chake patchalitchi cha m'mudzi wa Paul, pafupi ndi Mousehole, ndipo kuyambira pamenepo Dolly wakhala akutchedwa munthu womaliza kuyankhula Kernewek.

Koma taonani, amayi awiri aja anamva zimene ankanena. Ndipo m'mudzi womwewo munali msodzi wina, William Bodinar, amene mu 1776 analemba kalata yaifupi m'Kernewek ndi m'Chingerezi. Anati ali ndi zaka 65, anaphunzira chiyankhulochi ali mnyamata popita kunyanja ndi akuluakulu, sanaonepo buku lolembedwa m'Kernewek, ndipo m'mudzimo munatsala anthu anayi kapena asanu okha ochidziwa, onse okalamba. Bodinar anamwalira mu 1789. Patapita zaka pafupifupi 100, mu 1875, katswiri wa ziyankhulo Henry Jenner ndi m'busa wa ku Newlyn, W. S. Lach-Szyrma, anapezabe nkhalamba zotha kuwerenga manambala mpaka 20 m'Kernewek. John Davey, mlimi wa kufupi ndi Zennor amene anamwalira mu 1891, ankakumbukira kandakatulo kakafupi kamene anaphunzira kwa bambo ake. Chiyankhulocho sichinaikidwe m'manda tsiku limodzi ndi mayi mmodzi. Chinazilala ngati moto wa chitsa, makala ena akuyakabe pansi pa phulusa.

Makala ambiri anali m'Chingerezi cha anthu wamba. Kuti izi zimveke, tiyenera kudziwa kuti Cornwall alibe Chingerezi chimodzi. Kum'mawa, kufupi ndi Tamar, anthu anasiya Kernewek kalekale ndipo anatengera Chingerezi kwa anansi awo a ku Devon, kotero kayankhulidwe kawo n'kofanana kwambiri ndi ka ku Devon. Kumadzulo, cha ku Penzance, St Ives ndi Lizard, Chingerezi chinafika mochedwa, ndipo akatswiri ena monga Martyn Wakelin amati chinadzera kwa abusa, eni minda ndi amalonda osati kwa alimi a ku Devon. Zotsatira zake n'zodabwitsa: kumadzuloko katchulidwe kena kali pafupi ndi Chingerezi cha anthu ophunzira, koma n'komwenso kuli mawu ochuluka a Kernewek. Ngakhale kamba wa pantchito amasiyana dzina. Kumadzulo amati croust, kum'mawa amati crib.

Mukayang'ana mawu amene anapulumuka, muona kuti sanapulumuke mwachisawawa. Ndi mawu a zinthu zimene mbusa, mphunzitsi kapena woweruza milandu analibe nazo ntchito. Tizilombo ta m'munda ndi m'madzi: chule ankati quilkin, nkhono bulhorn, kabuluzi ka m'madzi padgy-pow, kuchokera ku mawu otanthauza "mapazi anayi". Kambalame kena ka mutu wobiriwira ngati thambo ankati pedn-paly. Nsomba ina yamtundu wa shaki wamng'ono ndi morgy, ndiye kuti mor ndi ki, galu wa m'nyanja. Munthu wamanzere ndi clicky, kuchokera ku kledh, kumanzere. Kuyenda mwamphamvu, mopondereza, ndi stank, liwu lomwe limaseketsa Angerezi ena poti kwa iwo limamveka ngati kununkha. Awa ndi mawu amene mwana amaphunzira kwa agogo akusewera pankhokwe kapena padambo, sukulu isanamugwire. Mayi amene anasiya kuyankhula Kernewek ndi ana ake analibe chifukwa chofunira dzina latsopano la chule.

Kunyanja nakonso anatsala ambiri. Milu ya mchenga ya m'mphepete mwa nyanja ndi towans. Mng'alu waukulu m'thanthwe la kugombe, momwe mafunde amalowa, ndi zawn. Bucca unali mzimu wa m'nyanja, ndipo asodzi a ku Newlyn ankausiyira nsomba pagombe kuti usawaipire. Chuma cha m'midzi imeneyi chinali nsomba za pilchard, zomwe zimayenda m'chigulu ngati usipa koma n'zokulirapo. Munthu ankaima pamwamba pa thanthwe kuyang'ana pamene madzi asintha mtundu, ndipo akaona chigulu ankafuula kuti hevva, mudzi wonse n'kuthamangira kumabwato. Dzina la nsomba ya wrasse, lomwe lili m'Chingerezi cha dziko lonse, linachokera kugombe lomweli, ndipo muzu wake ndi liwu lotanthauza nkhalamba yaikazi.

Koma mawu amene anayenda ulendo wautali ndi a m'migodi. Cornwall ankakumba tini kuyambira kalekale, ndipo m'zaka za m'ma 1800 anali m'gulu la madera otulutsa mkuwa wambiri padziko lapansi. Mgodi ankautcha bal, ndipo amayi ndi atsikana amene ankaswa miyala pamwamba pa mgodi anali ma bal maiden, dzina lomwe theka ndi Kernewek, theka Chingerezi. Migodi yambiri maina ake amayamba ndi Wheal, monga Wheal Jane ndi Wheal Coates, kuchokera ku hwel, ntchito. Kabowo ka m'mwala komwe mumamera timiyala tonyezimira ndi vug. Mwala wofiira ngati dzimbiri womwe umaonekera pamwamba pa nthaka, kusonyeza kuti pansi pali mtapo, ndi gossan. Mitengo ya mkuwa itagwa cha m'ma 1860, anthu zikwizikwi anachoka kukafuna ntchito ku Moonta ku Australia, ku Michigan ndi ku California, ku Real del Monte ku Mexico, komanso ku Kimberley ndi ku Johannesburg. Kulikonse ankatchedwa ma Cousin Jack. Lero wophunzira za miyala ku Kitwe kapena ku Perth amalemba vug ndi gossan m'kope lake osadziwa kuti akugwiritsa mawu a anthu a m'migodi ya ku Cornwall. Ngakhale apa pafunika kusamala, poti si liwu lililonse la kumgodi lomwe ndi la Kernewek. Kibble, chidebe chokwezera miyala, linachokera ku Chijeremani.

Vuto ndi lomwelo pa mawu otchuka kwambiri, amene amalembedwa pamakapu ndi pamalaya ogulitsa kwa alendo. Dreckly ndi Chingerezi chofupikitsidwa, chomwe poyamba chinkatanthauza "pompano" koma ku Cornwall chimatanthauza nthawi ina iliyonse m'tsogolo, mwina mawa, mwina mwezi wamawa. Ndi m'bale wake wa "ndikubwera" wathu uja, amene munthu amanena akupita. Proper job, ponena chinthu chomwe chayenda bwino, ndi Chingerezi. Kuitana munthu wosamudziwa kuti my lover kapena my handsome, komwe kumachititsa manyazi alendo m'sitolo, ndi Chingerezinso. Mawu enieni a Kernewek monga quilkin ndi padgy-pow sapezeka kawirikawiri pamakapupo, chifukwa mlendo sangawazindikire.

Pamene chiyankhulochi sichinabisale n'komwe ndi pa maina a malo ndi a mabanja. Pali kamwambi kakale konena kuti munthu wa ku Cornwall umamudziwa ndi Tre, Pol ndi Pen. Tre ndi mudzi kapena famu, pol ndi dziwe, pen ndi mutu kapena nsonga. Penzance ndi "nsonga yopatulika". Porth ndi doko. Banja la Angove ndi la an gov, wosula zitsulo, ndipo Michael An Gof, wosula wa ku St Keverne, ndi mmodzi mwa amene anatsogolera anthu a ku Cornwall kupita ku London mu 1497 pokana msonkho.

Ntchito yodzutsa chiyankhulochi imawerengedwa kuyambira mu 1904, pamene Jenner yemwe uja anatulutsa buku lophunzitsira Kernewek. Iye mwini anadzifunsa chifukwa chimene munthu wa ku Cornwall angaphunzirire chiyankhulo chopanda phindu la ndalama, nayankha kuti chifukwa ndi munthu wa ku Cornwall, basi. Wotsatira wake, Robert Morton Nance, anatulutsa mu 1929 kalembedwe kamodzi kozikidwa pa masewero akale aja. Koma masewero a nkhani za m'Baibulo ndi za oyera mtima ali ndi mawu ambiri a angelo ndi mafumu kuposa a maukonde. Pofuna kudzaza mipata, Nance anabwereka ku Welsh ndi ku Breton, komanso anapita kwa asodzi. Anatolera mawu a kunyanja kwa zaka zambiri, ndipo buku lake la mawuwo linasindikizidwa mu 1963 iye atamwalira kale. Ena anali atayamba kale kutolera: Margaret Courtney ndi Thomas Couch mu 1880, Fred Jago mu 1882. Liwu lomwe linatuluka m'Kernewek zaka 200 m'mbuyomo n'kukakhala m'Chingerezi cha kudoko linkatengedwa, kukonzedwa kalembedwe, n'kubwezedwa kwawo. Zinthu zatsopano anazipangira maina: telefoni ndi pellgowser, choyankhulira patali, ndipo wailesi yakanema ndi pellwolok, kuona patali.

Si onse anakhutira. Katswiri wina, Glanville Price, ananena mu 1984 kuti chodzutsidwachi n'chopangidwa moti sichiyenera kutchedwa ndi dzina la chiyankhulo chakalecho. Pakati pa eni ake napo panabuka mkangano waukulu. Mu 1986 Ken George, amene anafufuza katchulidwe kakale pogwiritsa ntchito kompyuta, anapereka kalembedwe katsopano kotchedwa Kernewek Kemmyn, ndipo bungwe loyang'anira chiyankhulochi linakavomereza mu 1987. Richard Gendall anati onsewa akusochera: chofunika n'kuyambira pamene chiyankhulo chinalekera, pa kayankhulidwe ka nthawi ya Dolly ndi Bodinar, komwe kali pafupi ndi katchulidwe ka nkhalamba za kumadzulo. Mu 1995 Nicholas Williams anabwera ndi kalembedwe kakenso. Anthu ochepa chonchi anakhala ndi kalembedwe kanayi, ndipo ngakhale dzina la chiyankhulo ena ankalemba Kernewek, ena Kernowek, ena Curnoack. Wina angaseke, koma funso lawo linali lenileni: ukamadzutsa chiyankhulo chomwe chinasintha pa zaka mazana ambiri, umadzutsa cha chaka chiti? Anagwirizana mu 2008 pa kalembedwe kamodzi kogwiritsa ntchito m'masukulu ndi m'maofesi, kololeza mitundu ingapo ya katchulidwe, chifukwa khonsolo sikanatha kulemba zikwangwani za m'misewu m'njira zinayi.

Boma la Britain linavomereza Kernewek mu 2002 pansi pa pangano la mayiko a ku Ulaya loteteza ziyankhulo za anthu ochepa. UNESCO inachotsa chiyankhulochi pa mndandanda wa zakufa mu 2010, n'kuchiika pa zomwe zili pangozi yaikulu. Baibulo lonse linatuluka mu 2011, patadutsa zaka 423 kuchokera pamene la ku Wales linatuluka. Mu 2014 anthu a ku Cornwall anavomerezedwa ngati mtundu wa anthu ochepa, mofanana ndi a ku Wales ndi ku Scotland, ngakhale patangopita zaka ziwiri boma la ku London linasiya kupereka mapaundi 150,000 omwe linkapereka pachaka pothandiza chiyankhulochi. Woimba Gwenno Saunders, amene anakula akuyankhula Kernewek ndi bambo ake, anafika pa mndandanda wa opikisana pa Mercury, mphoto ya nyimbo ya ku Britain, mu 2022 ndi chimbale choimbidwa pafupifupi chonse m'chiyankhulochi. Manambala enieni ndi ochepa: pa kalembera wa 2011 anthu 557 ku England ndi Wales anati Kernewek ndi chiyankhulo chawo chachikulu, pomwe chigawo cha Cornwall chokha chili ndi anthu oposa theka la miliyoni. Odziwa kupereka moni wa dydh da ndi kuthokoza kuti meur ras ndi ochuluka kuposa pamenepo.

Chomwe chimandikhudza ine n'chakuti pamene Kernewek akukwera pazikwangwani, Chingerezi cha ku Cornwall chimene chinamusungira mawu chikutha mwakachetechete. Kernewek ali ndi bungwe lake, mayeso ake, ndi ulemu wa kukhala chiyankhulo. Kayankhulidwe ka asodzi kalibe pangano la mayiko lokateteza, ndipo kwa zaka zambiri ana ankadzudzulidwa kusukulu kuti akuyankhula Chingerezi cholakwika, cha kumudzi. Pasiteji kamagwiritsidwa ntchito poseketsa anthu. Mabungwe a Old Cornwall, omwe loyamba linakhazikitsidwa ku St Ives mu 1920, akhala akulemba mawuwa ndi kuchititsa mipikisano ya nthano, koma liwu la ntchito limakhala ndi moyo ntchitoyo ikakhalapo. Mgodi womaliza wa tini, South Crofty, unatsekedwa mu 1998. Nyumba za asodzi ku Mousehole ndi ku St Ives zambiri zinagulidwa ndi anthu a kutali omwe amabwera patchuthi pokha, ana a m'mudzimo n'kusamukira kumtunda komwe lendi ndi yotsikirapo.

Zigulu zikuluzikulu za pilchard zinasiya kufika kugombe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo palibenso amene amaima pathanthwe kufuula. Kanyumba koyera komwe mlonda wa nsomba ankakhala kakadalipo pamwamba pa doko la Newquay, alendo amajambulitsapo zithunzi. Liwu lija mukalifuna lili m'mabekale: keke ya hevva, ya ufa, mafuta, shuga ndi mphesa zouma, yomwe amati amayi ankayamba kukanda akangomva mfuu kuti amuna akamatuluka m'madzi aipeze yapsa. Pamwamba pake amachekapo mizere yopingasana ngati maso a ukonde.